Pepani Sapoletsa Cilonda

Pa 20 Januwale 2023 Sundar Pichai, mkuru wa kampani ya Google ku America, analembera anchito ace kalata yakuti anthu ngati 12,000 acotsedwa nchito. Ambiri a iwo ndiwo amisiri a kompyuta, aphunziro lakuya. Popeza kalatayo inalalikidwa poyera, tiyeni tiiyese.

Mau ace ali ofatsa. Mkuruyo anapepesa, nalongosola kuti malonda atakula msanga kwa zaka ziwiri, iwo analemba anthu ambiri, koma pambuyo pace nyengo inasandulika. Anatinso mlandu wonse ausenza iye mwini. Ndipo tisabise cokoma: ocotsedwa a ku America anawalonjeza malipiro a masabata 16, ndi masabata 2 oonjezapo pa caka ciri conse anagwira nchito.

Koma taonani, abale, pamene kalata itsimphina. Pa bwalo la mfumu munthu akati, Mlandu ngwanga, mbuzi ituruka m'khola mwace. Siituruka m'khola la mnansi wace. Koma pano wobvomera mlandu anakhalabe pampando pace, ndipo olipa ndiwo 12,000 aja, amene sanapangane nao upo wakulemba anthu ocuruka. Kubvomera kotereku kulibe mtengo. Mark Zuckerberg, mwini Facebook, anabvomera momwemo m'Novembala 2022 pocotsa anthu 11,000, natsala pace iyenso.

Caciwiri, wowerenga angayese kuti nkhokwe inatha. Iai ndithu. M'caka ca 2022 Alphabet, kampani imene iri mace wa Google, inapindula madola pafupi mabiliyoni 60. Ndipo m'Epulo 2023 inapatula mabiliyoni 70 ogulira magawo ace omwe, cinthu cokondweretsa eni magawo. Za phindu limeneli kalata iri cete. M'malo mwace itama makina atsopano onga oganiza, ochedwa AI, kuti ndiwo mwai waukuru wa m'tsogolo. Mau awa akoma kwa otsala. Nanga kwa iye amene atsekeredwa kunja?

Cacitatu cikhudza alendo. Amisiri ambiri a kompyuta ku America anacokera ku India ndi maiko ena, nakhala kumeneko ndi cilolezo ca H-1B, comangika pa nchito yao. Nchito ikatha, lamulo liwapatsa masiku 60 okha akupeza yina. Akalephera ayenera kucoka m'dzikomo, ngakhale ana ao ali pakati pa sukulu. Kalata ilonjeza kuwathangata pa za cilolezo, koma kulemera kwace kwa nkhawa iyi sikumveka m'menemo.

Sitinena kuti kampani isacepetse anchito nthawi iri yonse, pakuti malonda akwera natsika. Cimene titsutsa ndico kubveka ciwerengero ca phindu cobvala ca cisoni. Akuru akale anati, Pepani sapoletsa cilonda. Cifukwa cace pakumva kalata zotere tisakhute ndi kukoma kwa mau, koma tifunse: Kodi mbuzi yaturuka m'khola la yani?