Za Munthu Amene Mudzi Wace Unamuopa

Mwa zithunzi za kanema zocokera ku America, zambiri zinena za munthu wamba amene alandira mphamvu zoposa za anzace. Anyamata athu azikonda cifukwa ca kuuluka ndi kugwetsa nyumba. Koma ife tiyesa kuti poyenera kupenyetsetsa ndi pa mudzi, umo ucitira ndi mwana wao atasandulika.

Taonani cithunzi ca Phenomenon, cimene Jon Turteltaub anacipanga m'caka ca 1996. George Malley, amene John Travolta asewera m'malo mwace, ndiye wokonza magalimoto m'kamudzi ka ku California. Usiku wa tsiku limene akwanitsa zaka 37 aona kuwala kumwamba, nagwa pansi. Kuyambira pamenepo tulo timthawa. Awerenga mabuku usiku wonse, asuntha zinthu osazikhudza, amva cibvomezi cisanafike. Tsiku lina aphunzira Cipwitikizi m'mphindi 20 kuti alankhule ndi nkhalamba yodwala, napeza mwana wotayika.

Kodi mudzi unamyamika? Iai. Amene anamwa naye dzulo ayamba kunong'onezana pakumuona. A boma amgwira namfunsa mafunso. Pa msonkhano wa mabuku khamu limkanikiza, wina afuna amkhudzire mwana wodwala, wina afuna cizindikiro, kufikira munthuyo agwa. Zipatso za mphatso azifuna ndithu, mwini wace amtalikira. Apa wopanga cithunzi waupenya bwino mtima wa munthu. George sanalakwire ali yense; mlandu wace ngwakuti anamdziwa kale ali ndi mafuta a galimoto m'manja, monga a ku Nazarete anakhumudwa ndi mmisiri wa mitengo amene amace ndi abale ace anawadziwa.

Tsono pa mapeto ace tiri nao mau. Asing'anga apeza cotupa m'ubongo mwace, ndico cinautsa nzeru zija, ndipo amwalira. Cotero mudzi wapulumuka osalapa; pakuti kumcitira cifundo wodwala nkosabvuta, koma kukhala ndi mnansi wokuposa, kumpatsa moni m'mawa ndi madzulo, ndiko kulemera. Patapita caka asonkhana kukumbukira tsiku lace lobadwa, onse okondwa, popeza woopsa uja wagona. Tikadakonda George akhale pakati pao kufikira imvi, tione ngati akadamuitana kumowa.

Rungano Nyoni wa ku Zambia analimba mtima koposa m'cithunzi cace ca I Am Not a Witch, ca 2017. Kamtsikana ako, Shula, kalibe mphamvu imene tiiona ndi maso. Mudzi ndiwo ukapatsa dzina la mfiti, nukamangira nsalu yoyera yaitali kumsana kuti kasauluke. Pomwepo mkulu wa boma akatenga kukaloza akuba ndi kuitana mvula, nadya ndalama zace. Nakonso kamwalira, mvula nigwa. Koma Nyoni sapatsa anthuwo cotupa cakuti abisale kumbuyo kwace.