Ulemu kwa Mmisiri wa Mafelemu

Mlendo akalowa m'nyumba ya eni ake, nakhala pansi, nakweza maso kukhoma kumene kwapachikidwa chithunzi chimene agogo anajambulitsa ku Johannesburg m'masiku a Wenela, kapena cha ukwati woyera wa eni khomolo, sakumbukira konse mmisiri amene anachikonzera felemu. Komatu iyeyo ndiye ndifuna kumtamanda. Pakuti amasankha mlombwa wouma bwino, umene chiswe sichilimba mtima kuudya, kapena mbawa yofiirira, napala thabwalo mofatsa, nacheka nsonga zake mopendeketsa, kufikira ngodya zinayizo zikumana osasiya mpata wolowa ngakhale tsitsi. Chondikondweretsa koposa n'chakuti pakati pa galasi ndi chithunzi amaikapo katoni yoboola pakati, podziwa kuti chinyezi cha dzinja chimamatiza pepala kugalasi, ndipo nkhope ikamatirira imasendeka osabwereranso. Mafelemu onyezimira apulasitiki aja, inetu ndimati ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Posankha tsono, tembenuzani felemuyo muone ngati misomali yagwira kumbuyo, ndipo muipachike pakhoma losaombedwa dzuwa, chifukwa dzuwa limafwifwitsa chithunzi msanga.