Kafukufuku wa propranolol ndi khanda la chotupa pa chikope ku Salima

Mu 2008 madokotala a ku Bordeaux m'dziko la France, motsogozedwa ndi Christine Léauté-Labrèze, analemba kalata yaifupi m'magazini ya New England Journal of Medicine yonena za makanda 11. Anawa anali ndi hemangioma, chotupa cha timitsempha ta magazi tochulukana pamalo amodzi, ndipo chinayamba kufota atapatsidwa propranolol. Anazitulukira mwangozi, chifukwa mwana woyamba ankamwa mankhwalawa kaamba ka vuto la mtima. Mu 2015 gulu lomweli linafalitsa kafukufuku wamkulu wa makanda 460 a mwezi umodzi mpaka miyezi isanu. Mwa ana 100 aliwonse amene ankamwa 3 mg pa kilogalamu patsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, 60 chotupa chinatha kapena chinatsala pang'ono kutha. Mwa amene ankamwa mankhwala ongoyerekezera, anali 4 okha.

Ntchitoyi ndi yolimba ndipo sindikuitsutsa. Koma amene akugwira ntchito ku Senga Bay, Lifuwu kapena Chipoka aiwerenge ndi diso lina.

Ana amene chotupa chawo chinkaopseza moyo kapena chiwalo sanalowetsedwe m'kafukufuku wa 2015, pa chifukwa chomveka: simungapatse mankhwala ongoyerekezera mwana amene diso lake likutsekeka. Ndiye kuti khanda limene limatidetsa nkhawa kwambiri silili m'chiwerengero cha 60 chija. Madokotala a maso amalipatsabe propranolol ndipo amaona kusintha, koma umboni wake ukuchokera m'malipoti ang'onoang'ono. Tisamatchule 60 ngati lonjezo kwa mayi.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Chotupachi nthawi zambiri sichioneka bwino pobadwa. Chimatuluka m'masabata oyambirira, n'kukula mofulumira m'miyezi itatu yoyamba, kenako chimafota pang'onopang'ono kwa zaka. Apa m'pamene pamachokera mawu aja akuti "chidzatha chokha". Pamsana kapena pantchafu mawuwa ndi oona kwa ana ambiri. Pa chikope ndi oopsa. Ubongo wa khanda umaphunzira kuona pogwiritsa ntchito maso onse awiri, ndipo diso lophimbidwa kwa masabata ochepa chabe likhoza kutsalira mpaka kalekale. Ngakhale chikope chisatseke mwana wa diso, kulemera kwa chotupacho kumakanikiza diso n'kulipotoza, mwanayo n'kumaona mwachimbuuzi mbali imodzi. Chotupa chidzatha, inde, koma diso litazolowera kale kusaona.

Kafukufukuyu anayeza ana amene anali atafika kale kwa akatswiri. Funso la momwe mwana angafikire kumeneko silinali lake, koma kwathu ndi funso loyamba. Mwayi ulipo: katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amabweretsa mwana kusikelo katatu m'nyengo yomwe chotupa chikukula. Mabuku amachiyerekeza ndi sitiroberi, fanizo lochokera pa khungu loyera. Pa khungu lathu chikhoza kuoneka chofiirira kapena chakuda, ndipo chakuya chimangooneka ngati chikope chotupa chomwe chimakula mwana akamalira. Ntchito yolimbana ndi trachoma, imene bungwe la WHO linalengeza mu September 2022 kuti si vuto lalikulunso ku Malawi, inatiphunzitsa kuyang'ana zikope. Luso limenelo lisathe.

Palinso nkhani ya mulingo. Ku France anagwiritsa ntchito mankhwala amadzi opangidwira makanda. Mwana wa makilogalamu asanu amafunika 15 mg patsiku, wogawidwa kawiri, pomwe piritsi lozolowereka la akuluakulu ndi la 40 mg. Kulibenthula ndi mpeni si kuyeza. Propranolol amachepetsa kugunda kwa mtima, amatha kubanikitsa mwana, ndiponso amatsitsa shuga m'magazi, n'chifukwa chake amaperekedwa mwana akamayamwa kapena atangoyamwa, ndipo amaimitsidwa akamasanza kapena kukana bere. M'mbali mwa nyanja, kumene malungo pawokha amatsitsa shuga, chenjezo limene pepala lija likulitchula mwachidule liyenera kukhala patsogolo. Si mankhwala oyambitsira pa chipatala chaching'ono.

Musasokoneze chotupachi ndi banga lofiira losatukumuka limene mwana amabadwa nalo pamphumi ndi pa chikope. Limenelo silitha, propranolol salithandiza, ndipo limatha kubwera ndi glaucoma. Nalonso ndi lotumiza.

Mukaona chotupa pa chikope cha khanda, yerekezani maso awiriwo, lembani m'kabuku ka kuchipatala kukula kwake ndi tsiku, ndipo mutumizeni ku chipatala cha boma cha Salima sabata yomweyo, kuti akafunika akatswiri apite ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Uzani mayi ndi agogo kuti asachiteme mphini: mkati mwake ndi mitsempha yokhayokha, ndipo magazi ake savuta kutuluka.