Chiwembu, upo ndi tamalu': kuwerenganso mlandu wa Jumbe wotsiriza

Tikamaphunzitsa mbiri ya Chisilamu ku Nkhotakota, nkhani ya ma Jumbe timakonda kuitseka ndi chiganizo chimodzi: Jumbe wotsiriza anachitira boma la Angerezi chiwembu, choncho anamuchotsa pampando ndi kumutumiza ku Zanzibar. Ophunzira amalemba, ife n'kupitirira. Komatu chiganizochi chatsamira pa liwu limodzi, chiwembu, ndipo liwulo timaligwiritsa ntchito mosasamala.

Pakamwa pa anthu, chiwembu ndi thumba lolowa chilichonse. Munthu akamenyedwa usiku pochokera kudooko, timati amuchita chiwembu. Anthu atatu akakhala pakhonde kukambirana zomuchotsa mnzawo mu komiti ya mzikiti, timatinso akukonza chiwembu. Chilimira ikang'ambika kawiri mwezi umodzi, mwini wake amati pali chiwembu, ngakhale sanaone munthu. Apa pali zinthu zitatu zosiyana: ntchito yochitika, mgwirizano, ndi kukaikira chabe. Chichewa chili nawo mawu osiyanitsa. Anthu akapangana mobisa zoipa, akuluakulu amati apanga upo. Upo sungapangidwe ndi munthu mmodzi, pamene chiwembu munthu angathe kuchita yekha.

Lamulo la milandu la dziko lino, Penal Code, likutsatira tanthauzo la upo. Gawo 404 likunena za kupangana kuchita mlandu waukulu, ndipo gawo 227 likunena za kupangana kupha munthu. Mlandu wagona pa mgwirizano wa anthu awiri kapena oposa, ngakhale zomwe anapanganazo zilephereke. Chitsanzo chodziwika ndi cha Ralph Kasambara, yemwe anali nduna ya zachilungamo. Mu 2016 khoti lalikulu linamupeza wolakwa pa mlandu wopangana kupha Paul Mphwiyo, amene anawomberedwa mu 2013 koma anapulumuka, ndipo linamugamula zaka 13. Iye anakana mlanduwo n'kuchita apilo. Funso lomwe khoti linayankha silinali lakuti anagwira mfuti ndani, koma lakuti kodi panali kupangana.

Ma ulama a fiqh anafika pa funso lomweli kalekale. Iwo amasiyanitsa tawafuq ndi tamalu'. Tawafuq ndi pamene zolinga za anthu zangokumana popanda kupangana, monga ndewu ikabuka pamsika anthu n'kumenya munthu mmodzi aliyense mwa yekha. Pamenepo aliyense amafunsidwa za dzanja lake. Tamalu' ndi pamene anagwirizana ntchito isanachitike. Maziko ake ndi chigamulo cha Umar ibn al-Khattab (RA) pa gulu la anthu a ku Sana'a omwe anagwirizana kupha mnyamata mmodzi: onse anawagamula qisas. Imam Malik anatambasula mfundoyi, kotero kuti wogwira munthu kuti mnzake amuphe, akudziwa cholingacho, amalandira chilango chofanana ndi wakuphayo. Imam Shafi'i, yemwe madh-hab ake ndi omwe afala m'mbali mwa nyanja muno, anati qisas igwere wakuphayo, wogwirayo alandire ta'zir, chilango chomwe woweruza amachiyeza yekha. Maimamu anasiyana pa kulemera kwa chilango, koma palibe mwa iwo amene analola kuti munthu alangidwe chifukwa cha zomwe ena akumuganizira. Sura al-Hujurat, ndime 6, ikutilamula kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, ndipo ndime 12 ikutichenjeza za kuganizirana zoipa.

Tsopano tibwerere kwa Jumbe ndi muyeso umenewu. Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'zaka za m'ma 1840. Mu 1889 Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anasaina pangano ndi Harry Johnston, ndipo mu 1891 dziko linalowa pansi pa Britain. Iye atamwalira mu 1894, mpando unapita kwa Mwinyi Kheiri, yemwe sanakhalitse: anamuimba mlandu wofuna kugwetsa ulamuliro wa Angerezi, ndipo ufumu wa ma Jumbe unathera pomwepo. Dera linayamba kulamulidwa ndi bwana wachizungu.

Chiganizo chathu cha m'kalasi chija chimalumpha mafunso onse amene wophunzira fiqh ayenera kufunsa. Anapangana ndi yani? Anapangana kuchita chiyani? Mboni zinali ndani? Ndipo koposa zonse, woweruza anali ndani? Pa mlandu uwu boma lomwe limati lalakwiridwa ndi lomwenso linaweruza, ndiponso ndi lomwe linatenga dziko woimbidwa mlanduyo atachoka. Mu fiqh, qadhi saweruza mlandu womukhudza iye mwini, ndipo umboni wa munthu amene apindule nawo umakanidwa.  Johnston analemba yekha za nthawi imeneyi m'buku lake British Central Africa la 1897. Bukulo n'lofunika kuliwerenga, koma tiliwerenge ngati mawu a mbali imodzi ya mlandu.

Wina angaganize kuti tikufuna kuyeretsa ma Jumbe. Ayi. Ma Jumbe anabweretsa Chisilamu ndi ulimi wa mpunga kuno, koma anagulitsanso anthu. Madau awo ankawolotsa akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, paulendo wa ku Kilwa, ndipo midzi yambiri ya Achewa inalira. Umenewu ndi mlandu wa ntchito zochitika poyera, wosafuna kukaikira, ndipo Msilamu asachite manyazi kuutchula. Koma mlandu umodzi sutsimikiza unzake. Kukhala wogulitsa akapolo si umboni wakuti munthu anapanga upo wogwetsa boma. Qadhi amene angagamule munthu pa mlandu wachiwiri chifukwa choti woyamba ndi woonekeratu wasiya chilungamo, ngakhale woimbidwayo akhale woipa chotani.

Choncho tikupempha aphunzitsi anzathu kusintha pang'ono kalembedwe. Mmalo molemba kuti Jumbe anachita chiwembu, tilembe kuti boma la atsamunda linamuimba mlandu wopanga upo, ndipo boma lomwelo linamuchotsa. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma wophunzira amene wazolowera kufunsa kuti "anapangana ndi yani?" pa munthu amene anamwalira kalekale, adzafunsanso chimodzimodzi tsiku limene adzamve kuti imamu wa mzikiti wakuti, kapena mnansi wake weniweni, akukonza chiwembu. Mabanja ndi ma jamaa ambiri agawikana chifukwa palibe amene anafunsa funsoli. Allah ndiye Wodziwa koposa.