Cala ca ku Milan ndi Kamtsikana ka ku New York

Mkazi akafuna kudzudzula mwamuna wace waulesi sapita kubwalo la milandu ai. Amayimba pamtondo, mudzi wonse nuseka, mwamunayo namva. Amisiri osema a maiko ena amacita cimodzimodzi kwa eni cuma, koma si onse amene nyimbo yao imaluma.

M'caka ca 2010 Maurizio Cattelan anaimika dzanja la mwala woyera mu mzinda wa Milan, ku Italy, pabwalo la Piazza Affari, pakhomo pa nyumba yogulitsiramo magawo a makampani. Msinkhu wace pamodzi ndi tsinde ndi mamita 11. Zala zonse nzoduka, kupatula capakati, cimene kwa Azungu ciri citonzo coipitsitsa. Nzeru ya mmisiriyu iri m'kaimikidwe kace. Cikhatho capenya kunyumbayo, koma kumbuyo kwa dzanja, kumene munthu amaonetsa amene akumtukwana, kwapenya kwa anthu wamba. Wodutsa amayamba ndi kuseka, poyesa kuti otukwanidwa ndiwo amalondawo. Pambuyo pace amakumbukila bvuto la ndalama la 2008, nazindikila kuti kapena wotukwanidwa ndiye mwini. Apo kuseka kwagwira nchito.

Ku New York zinayenda mwina. Pa 7 March 2017 kunaoneka kamtsikana ka mkuwa kochedwa Fearless Girl, nchito ya Kristen Visbal, katagwira m'cuuno, kakuyang'anizana ndi cing'ombe camphongo cimene Arturo Di Modica anapanga mu 1989. Anthu anakakonda, ndipo kupangidwa kwace nkwaluso ndithu. Koma amene analipira ndiwo a State Street Global Advisors, kampani ya zacuma, pouza anzao kuti aike akazi m'mipando ya utsogoleri. Mu October caka comweco, eni kampaniyo, State Street Corporation, ngakhale anakana kulakwa, anabvomera kupereka madola 5 miliyoni pa mlandu wakuti analipira mopereŵera akazi oposa 300 ndi anchito akuda 15.

Cifukwa cace woweruza zosema zotere asakhutile ndi kukongola kapena nthabwala cabe. Afunse zinthu ziŵiri: calozera yani, ndipo analipira ndani? Cala ca ku Milan nconyansa, koma cimasautsa mtima wa wopenya. Kamtsikana kaja nkokondweretsa, koma nyimbo yace anaipeka ndi mwamuna yemwe anayenera kuyimbidwa.