Lumo Limodzi, Singano Imodzi

Ife a kuno ku Mlangeni tinaidziwa kale ngozi ya chitsulo chimodzi cholowa m'matupi ambiri. Akuluakulu akukumbukira abambo aja oyenda panjinga m'midzi ya m'malire muno ndi botolo la penisilini, amene ankangotsukuluza singano m'madzi ofunda nabaya wina. Nayenso sing'anga ankatemera mphini banja lonse ndi lumo limodzi. Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, azaumoyo sanadikire kuti anthu ayambe aleka zamphini. Anati ngati mukupitabe, aliyense anyamule lumo lake. Sitinamve munthu akudandaula kuti uphunguwo ukulimbikitsa maula.

Nanga mtima umatiwawiranji tikamva kuti kwina amapatsa singano zatsopano anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo, nalandira zakale kuti akaziwononge? Ntchitoyi inayamba ku Amsterdam mu 1984, ndipo mu 2018 madokotala a Médecins Sans Frontières anaifikitsa ku Mafalala, mu mzinda wa Maputo, kwa anansi athu a tsidya la msewuwu.

Otsutsa amati kumeneko ndi kuthandiza tchimo. Mawuwa si achibwana. Mu 1999 akuluakulu a ku Roma analetsa masisitere a ku Sydney kuyendetsa chipinda choti anthu otere azidzibayiramo moyang'aniridwa. Koma mu 2010 Ambuye Howard Hubbard a dayosizi ya Albany ku America analola bungwe lawo lachifundo kusinthitsa singano, poona kuti cholinga ndicho kuteteza moyo.

Pamene ganizo la otsutsa likutsimphina ndi apa: likuyesa kuti munthu wogwidwa ndi chibaba cha heroin akasowa singano yoyera adzaleka. Saleka ayi. Amabwereka ya mnzake. Timagazi totsalira m'kati mwa chobayiracho timasunga kachirombo ka Edzi ndi ka matenda a chiwindi kwa masiku ambiri. Kuchoka apo matendawo amafika kwa mkazi wake amene sanalawepo mankhwalawo, nafikanso kwa khanda la kubere. Tikamumana singanoyo m'dzina la chilungamo, kodi chilangocho chikugwera yani?

Sitikunena kuti singano ndi mankhwala. Ntchito yongogawa singano nkutembenuka ndi yoperewera, ndipo pamenepo otsutsa akunena zoona. Ubwino wake weniweni ndi khomo limene imatsegula: wobwera kudzasintha singano amayezedwa magazi, amayamba ma ARV, amapeza wolankhula naye amene sam'thamangitsa. Ku Maputo komweko, pofika 2020 anayamba kupereka methadone, mankhwala othandiza munthu kusiya heroin pang'onopang'ono.

Wina adzati izi ndi za m'mizinda yakutali. Koma pa msewu wa M1 wodutsa pano timakwezerapo ana athu opita kukafuna ntchito ku Johannesburg, kumene achinyamata ena amadzibaya nyaope mobwerekana singano. Ena a iwo amabwerera kwathu kuno, nadzakwatira m'tchalitchi mwathu momwemuno.