Kompyuta m'manja mwa ana a ku Chalimbana

Ukachoka mu Lusaka kulowera kum'mawa pa msewu wa Great East, usanatope n'komwe umakhala wafika ku Chongwe, dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. M'boma limeneli ndi mmene muli Chalimbana, malo amene akhala akusula aphunzitsi chiyambire 1939, pamene kunakhazikitsidwa sukulu ya Jeanes. Kenako panadzakhala koleji ya NISTCOL, kumene aphunzitsi a pantchito ankapita kukanola luso lawo, ndipo lero ndi Chalimbana University. Pafupi ndi yunivesiteyi pali sukulu ya boma, imene mu 2012 inkatchedwa Chalimbana Basic School, ya ana ambiri ndi mabuku ochepa ngati sukulu zina zambiri zakumudzi. Ntchito imene ndimaisirira inagwiridwa m'makalasi a sukulu imeneyi.

Mu 2012 ndi 2013 aphunzitsi a pasukuluyi anagwirizana ndi Sara Hennessy ndi Björn Haßler a ku yunivesite ya Cambridge pa pulogalamu yotchedwa OER4Schools. Zipangizo zinali timakompyuta tating'ono ndi matabuleti, zosakwanira mwana aliyense. Maphunziro ena anajambulidwa pa vidiyo m'makalasi enieni, n'kuikidwa pa intaneti kuti mphunzitsi aliyense awaone ndi kuwagwiritsa ntchito mwaulere.

Limodzi mwa maphunzirowo ndi la masamu: kukula kwa rekitango ndi kutalika kwa m'mbali mwake mozungulira, ana akugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa GeoGebra. Ambirife tinaphunzira zimenezi poloweza. Aphunzitsi ankalemba lamulo pa bolodi, ife n'kukopera, n'kuliimba mpaka litalowa. Koma funso lokoma ndi ili: kodi madimba awiri ofanana kukula amafuna mpanda wofanana kutalika? Mwana amayankha msanga kuti inde. Ndiye mupatseni timabokosi 12. Akatiyala 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, mpanda wake ndi 14. Akatiyala 2 ndi 6, mpanda wafika 16. Akatindandalika mzere umodzi, 1 ndi 12, mpanda wakwera mpaka 26, pomwe malo olimapo sanasinthe ngakhale pang'ono. M'kope, kujambula zithunzi zitatu zokhazo ndi rula kumadya nthawi yambiri. Pa GeoGebra mwana amangokoka ngodya ndi chala, chithunzi n'kutalika, manambala n'kusintha iye akuona. Amatha kuyesa kambirimbiri, kulakwa, kubwerera, mnzake n'kumulanda kuti ayese njira yake.

Apa ndi pamene pali luso la mphunzitsi, ndipo ndi luso lovuta, chifukwa amafunika kudziletsa. Yankho akulidziwa, lili pamlomo. Belu latsala pang'ono kulira, silabasi ikumudikira. Komabe amayenda kuchoka pa gulu ili kupita pa lina, kuwerama, kumvetsera, n'kufunsa kuti, “Mwaona chiyani? N'chifukwa chiyani mukutero?” Kompyutayo saigwira. Akaona mwana mmodzi waikumbatira yekha, kawirikawiri mnyamata wochenjera pakamwa, amaisunthira kwa mtsikana amene wakhala chete pakona. Gulu limene lasokera salilanditsa msanga. Amalisiya likangane kaye, chifukwa mkanganowo ndiwo ukuphunzitsa. Amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi yodzaza akudziwa mmene chete wa mphunzitsi amalemerera, makamaka m'dziko limene kalasi yaphokoso imaonedwa ngati kalasi yopanda mwini.

Kuchepa kwa makompyuta anakuyankha ndi dongosolo. Kalasi imagawidwa m'magulu. Ena ali pa kompyuta, ena akulemba ntchito yogwirizana ndi phunziro lomwelo, ena ali ndi mphunzitsi. Nthawi ikakwana amasinthana. Kunena n'kosavuta, koma kuti zitheke ntchito ya gulu lililonse iyenera kutha pa nthawi yofanana, ndipo iyenera kumveka kwa gulu limene layambira pa iyo ngakhalenso kwa limene latsirizira pa iyo. Mabatire akhale atatchajidwa dzulo lake. Mafayilo akhale ataikidwa kale m'kompyuta iliyonse, pakuti intaneti ya kumudzi si yoidalira. Mphunzitsi amene sanakonzekere zimenezi amatha theka la phunziro akulimbana ndi mawaya.

Phunziro lina linali la ana aang'ono, la kuika nyama zokhala ndi msana m'magulu: zoyamwitsa, mbalame, nsomba, zokwawa, ndi za mtundu wa achule. Zithunzi zinali pa tabuleti, zamitundu yake yeniyeni, zimene buku lakale long'ambika silingaonetse. Ubwino wa ntchito yotere uli pa kusankha zithunzi. Ng'ombe ndi nkhuku sizivutitsa mwana. Ikanipo mleme, muone. Uli ndi mapiko ndipo umauluka, koma uli ndi ubweya ndipo umayamwitsa. Mwana amene wauika pamodzi ndi mbalame waganiza bwino ndithu, ndipo mphunzitsi waluso sathamangira kunena kuti walakwa. Amafunsa gulu lina ngati likuvomereza, n'kuwasiya ana afike okha pa funso loti chimene chimapangitsa mbalame kukhala mbalame n'chiyani.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri n'chakuti zida zina zofunika za pulogalamuyi sizinkafuna magetsi. Panali timabolodi tating'ono, ana akulembapo ndi choko n'kukweza m'mwamba onse pamodzi, kotero kuti mphunzitsi amaona mayankho a kalasi yonse nthawi imodzi, osati a ana atatu okha amene amakweza manja tsiku ndi tsiku. Panali makadi a maloboti: lofiira kutanthauza kuti sindikumva, lachikasu kuti ndikumva pang'ono, lobiriwira kuti ndamvetsa. Mwana wamanyazi amene sanganene pagulu kuti watsalira amangoika khadi lofiira pa desiki. Panalinso lamulo loti pa mafunso ena pasakhale kukweza manja, mphunzitsi asankhe yekha woyankha, kuti aliyense akhale ataganiza. Kabolodi ndi tabuleti zinkagwira ntchito imodzi, yoonetsa poyera zimene zili m'mutu mwa mwana.

Makompyuta okha sakwanira. Dziko la Peru linagawira ana asukulu makompyuta oposa 800,000 pa pulogalamu ya One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 anapeza kuti ana sanakhoze bwino koposa kale pa masamu ndi kuwerenga. Ku Chalimbana makompyuta anali ochepa kutalitali, koma nthawi yambiri inapita kwa aphunzitsi. Iwo ankakumana pasukulu pomwepo chaka chonse, motsogoleredwa ndi aphunzitsi anzawo, osati mlendo wa masiku atatu wochokera ku tauni. Ankaonera vidiyo ya kalasi yofanana ndi yawo, kukambirana, kukonza phunziro awiriawiri, kukaliyesa pa ana, n'kubwerera kudzafotokozerana zimene zayenda ndi zimene zakanika. Zimafuna kulimba mtima kuti munthu amene waphunzitsa zaka zambiri auze anzake kuti phunziro lake la Lachiwiri linagwa.

Chiyambire 2022, pamene boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake, ana achuluka m'makalasi, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku. Sukulu ya ku Chongwe imene ingalandire matabuleti lero iyenera kulingalira za sola ndi kabati yokhoma, koma ikonzenso pa ndandanda ya sabata nthawi yoti aphunzitsi azikhala pansi pamodzi n'kukonza mafunso amene adzawafunse ana akadzagwira matabuletiwo.